Mita ya amalume yayambanso kunena zoona

Kwezani pang'ono wailesiyo. Lero sitikamba za wailesi yeniyeniyo ayi. Tikamba za zida zimene zimaipima wailesi ikadwala.

Ndiyambe ndi funso. Munagulitsapo chimanga kapena soya kwa venda? Thumba mwalisenza nokha kuchokera kunyumba. Msana wanu ukudziwa kulemera kwake. Mwafika, mwalikoleka pasikelo, sikelo ikunena zina. Mumamva bwanji mumtima? Sikelo yakufa sivuta. Aliyense amaona kuti yafa, ndipo amapita kwina. Yoopsa ndi sikelo yamoyo, yoyenda bwinobwino, koma yonama. Mawu amenewa muwagwire, chifukwa tiwapezanso kutsogoloku. Choyezera chonama n'choipa kuposa choyezera chakufa.

Tsopano tibwere ku magetsi. Madzi mumawaona akamatuluka pampopi. Utsi mumauona. Nanga magetsi? Waya wamoyo ndi waya wakufa amaoneka chimodzimodzi. Ndiye wokonza wailesi amadziwa bwanji pamene pali matenda? Amakhala ndi maso obwereka. Maso amenewo ndi mita. Mita imamuuza zinthu zitatu. Choyamba, mphamvu imene ikukankha magetsi, ngati mmene madzi amakankhira m'paipi. Awa ndiwo mavolti. Ndati mavolti, osati mavoti a pachisankho ayi. Chachiwiri, kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Chachitatu, kuthina kwa njira imene magetsiwo akudutsamo. Mmisiri akadziwa zitatuzi, wailesi yayamba kumuyankhula.

Ku Britain, ku America ndi ku Germany kuli anthu amene nthawi yawo yopuma imathera pa zida zoyezera zakalekale. Ena kuno amaweta nkhunda. Ena amaswera pabawo. Awo amatola mita yakufa ya zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kukhala nayo miyezi mpaka itadzuka. Salandirapo ndalama. Kawirikawiri ndalama zimachoka m'thumba mwawo. Amakhala ndi misika yawo yogulitsana zida zoterezi, ndipo umodzi mwa yotchuka umachitika chaka ndi chaka kufupi ndi mzinda wa Dayton, ku Ohio. Ku Oregon kuli ngakhale nyumba yosungiramo zida zakale za kampani ya Tektronix, imene imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo akuluakulu amene ankagwira ntchito pakampanipo. Mwina mukufunsa kuti, nanga iwe zakukhudza pati za azungu opuma pantchitozi? Inenso ndikanafunsa chimodzimodzi. Koma matendawa anandigwira, ndipo anandigwirira m'sutikesi ya amalume anga.

Amalume anali okonza mawailesi. Ankakhala pakhonde la sitolo, tebulo limodzi, mpando umodzi, mawailesi a eni ake ataunjikana kumbuyo. Ambiri anali a Nzeru aja, akuluakulu mukuwakumbukira. Chowotcherera chawo ankachitenthetsa pambaula yamakala. Ine ndili mwana ntchito yanga inali yokupiza moto. Koma pakati patebulo pankakhala chinthu chimodzi chimene sankalola munthu kuchikhudza. Chinali chibokosi chakuda, cholemera ngati njerwa, chokhala ndi chogwirira chachikopa. Kumaso kwake kunali galasi, kuseri kwa galasilo kunali singano yopyapyala ngati tsitsi, ndipo m'munsi munali zopotokola ziwiri zikuluzikulu. Iwo ankangoti AVO. Ankaitchula ngati akutchula munthu.

Ine ndinali wapakamwa. Kasitomala akangoti wailesi yangoti zii, ine ndinkalumphira kuyankha kuti ndi mabatire. Amalume ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, usalote. Yeza." Kenako ankaigoneka mita ija chagada, chifukwa inapangidwa kuti izigwira ntchito itagona choncho. Ankagunditsa mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, m'mimba mwa wailesi. Ankatsinzina diso limodzi. Ine ndinkayesa kuti diso linalo n'lodwala. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa chifukwa chake. Kuseri kwa singanoyo kuli kagalasi kodziyang'anira, kotalika motsata manambala. Ukayang'ana chammbali, umaona singano ziwiri, yeniyeni ndi chithunzi chake, ndipo umawerenga nambala yolakwika. Umayenera kusuntha mutu mpaka singano itabisa chithunzi chake. Pamenepo ndiye wayang'ana molunjika. Mwaona? Amene anapanga chidachi ankadziwa kuti nthawi zina wonama si mita, koma diso la mwini wake.

Ndikuuzeni pang'ono kumene dzinali linachokera. Ku Britain kunali injiniya wa kupositi ofesi, dzina lake Donald Macadie. Anatopa ndi kunyamula zoyezera zambirimbiri popita kukakonza mawaya a telefoni. Anaganiza zoziphatikiza m'bokosi limodzi. Bokosi limenelo linayamba kugulitsidwa mu 1923, ndipo dzina loti AVO linachokera ku zilembo zoyamba za mayina a Chingerezi a miyezo ya zinthu zitatu zija zimene limayeza. Ya amalume inali ya mtundu wotchedwa Model 8. Mtundu umenewu unayamba mu 1951, ndipo anasiya kuupanga mu 2008. Tangoganizani. Mwana wobadwa chaka chimene mitayi inatuluka anali ndi zidzukulu pamene fakitale inkapanga yomaliza. Foni ili m'thumba mwanuyo ikhala zaka zingati?

Amalume atatisiya, katundu wawo anagawidwa. Mawailesi anabwerera kwa eni ake. AVO inalowa m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi jekete lawo, ndipo inagona mmenemo zaka zoposa makumi awiri. Tsiku lina tikusamutsa katundu ndinaipeza. Ndinaipukuta ndi kansalu, inawala ngati yatsopano. Mtima unati myaa. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditatsegula kachitseko ka mabatire, ndinapeza zoopsa. Batire linasiyidwa momwemo, linaphulika, ndipo madzi ake anadya tizitsulo togwira batire mpaka kusanduka ufa wobiriwira. Pakona panali mazira a mphemvu. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, inu nonse, ngakhale amene simudzagwirapo mita. Chilichonse chimene mukusunga nthawi yaitali, kaya ndi tochi, kaya ndi wailesi, chotsanimo mabatire. Ndibwereze. Chotsanimo mabatire.

Ntchito yoyamba inali yonyozeka. Mswachi wakutha, sipiriti pang'ono, kachidutswa ka sandipepa wosalala. Madzulo atatu ndinali kupala ufa wobiriwira uja. Mayi a kunyumba ankadutsa n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, chimenechi chikadzuka chidzatiimbira nyimbo?" Ndinati ayi. "Nanga chidzatani?" Ndinati chidzayeza. Anangoti, "Chabwino," ndipo mukudziwa chabwino wamtundu umenewo.

Kenako ndinafika pa singano. Ndikaipendeketsa mita, singano inkayenda mpaka pakati, n'kukakamira. Apa mpamene pamafunika mtima wa nkhono uja, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Singanoyo imamangiriridwa ku kakoyilo ka waya wopyapyala kwambiri. Kakoyiloko kamazungulira m'kampata kakang'ono pakati pa maginito. Magetsi akadutsa m'kakoyilo, kamapotoloka, singano n'kusuntha. Timasipuling'i tiwiri, topyapyala ngati ulusi wa kangaude, timaibweza pamalo pake. Tsono maginito ndi maginito. Amakoka kafumbi kalikonse kachitsulo. Kanyenyeswa kamodzi kokha, kochepa kuposa mchenga, kakalowa m'kampatako, singano yaima. Sungapemereremo ndi pakamwa, chifukwa mpweya uli ndi chinyezi. Sungalowetsemo sikuludiraiva, chifukwa maginito aikoka mwadzidzidzi n'kuphwanya kakoyilo. Ndinadula kapepala kolimba, kuonda kwake ngati kamtengo ka machesi, n'kumatako kaselotepi mbali yomata ili kunja. Ndinakalowetsa pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Kachitatu, pa selotepi panatuluka kadontho kakuda. Ndinapendeketsa mita. Singano inayenda kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mwaulemu, osaima paliponse. Ndinakuwa ndekha m'nyumba usiku.

Panatsala batire. Poyeza mavolti, AVO sifuna batire, imadya magetsi omwewo amene ikuyeza. Koma poyeza kuthina kwa njira imafuna mabatire awiri. Limodzi ndi la tochi wamba. Linalo ndi laling'ono la mavolti 15, limene simungalipeze m'golosale. Okonda zida zakale anapeza njira. Amatenga timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo, tija ta mavolti atatu, n'kusanjikiza tisanu. Zitatu kasanu, mwapeza 15. Ndinachita chomwecho, ndinakulunga ndi tepi, zinatheka.

Nkhani ya AVO tiisiye kaye pamenepo. Sinathe ayi, tibwererako. Tsopano ndikuuzeni za tsiku limene ndinachita manyazi.

Chilakolako chikakula sichimva. Nditadzutsa mita, ndinayamba kufuna chida chachikulu chotchedwa oscilloscope. Musaope dzinalo. Munalowapo m'chipinda cha odwala kwambiri, n'kuona kanema wamng'ono wosonyeza kamzere kodumphadumpha motsata kugunda kwa mtima? Oscilloscope imachita zomwezo, koma ndi magetsi. Mita imakuuza kuti magetsi alipo ochuluka chonchi. Oscilloscope imakuonetsa mmene akuvinira. Magetsi a pasoketi panupo amapita uku n'kubwerera uku maulendo makumi asanu pa sekondi imodzi, ndipo pagalasi la chidachi amaoneka ngati mafunde obiriwira a panyanja. Ukaimba mluzu pa maikolofoni, umaliona liwu lako ndi maso. Galasi lojambula ndi magetsi limeneli analiyambitsa ndi Mjeremani Karl Ferdinand Braun mu 1897, ndipo ndi kholo la mawailesi akanema a chimsana aja.

Pa zida zimenezi, dzina limene okonda zakale amalitchula mwaulemu ndi Tektronix, kampani imene Howard Vollum ndi Jack Murdock anayambitsa ku Portland mu 1946. Ma oscilloscope awo akuluakulu a m'zaka za m'ma 1950 ankadzaza ndi mavavu, mababu agalasi aja ankatenthetsa mawailesi akale, ndipo ankalemera moti ankawayendetsa pa kangolo. Chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Zolumikizira za m'kati mwake zinali zadothi lowotcha lopakidwa siliva, ndipo zinkafuna mtovu wowotcherera wokhala ndi siliva pang'ono. Ndiye kampaniyo inkamangirira kampukutu ka mtovu woterowo m'kati mwa chidacho. Cholinga chake? Kuti mmisiri wodzachikonza mtsogolo, amene iwo sadzamuona n'komwe, adzapeze mtovu woyenera uli pomwepo. Anthu akutsegula zida zimenezi lero n'kukapeza kampukutuko kakudikirabe. Koma tisanyengane kuti kale zonse zinali zabwino. Chida chimodzi choterechi mtengo wake sunali patali ndi wa galimoto yaing'ono yatsopano. Zakale zotchipa zinafa kalekale. Zimene tikuziona lero ndi zimene zinali zodula.

Yanga sinali yapamwamba choncho. Ndinaipeza pamalo pena pamene ankataya katundu wakale, itatsala pang'ono kupita kwa ogula zitsulo. Iwo akanaiphwanya kuti achotse kopa wa m'thiransifoma. Ndinainyamula pakabaza, nditaikumbatira ngati mwana wodwala. Nditafika kunyumba, mukuganiza kuti ndinachita chiyani? Munthu amene ndinaphunzitsidwa kuti usalote, yeza? Ndinaipukuta fumbi, ndinalowetsa pulagi m'soketi, ndinayatsa. Mavavu anayamba kufiira. Ndinaitana ana kuti adzaone. Kunamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi. Kenako phuu! Utsi woyera unatuluka m'mabowo onse. Ana anathawira panja. Akulu anati tsoka silinunkha, koma la zamagetsi limanunkha, ndikukuuzani. Fungo lake linakhala m'makatani sabata yathunthu, ndipo mayi a kunyumba sananene kanthu. Kusanena kanthu kumeneko kunandipweteka kuposa utsi.

Chinachitika n'chiyani? Mvetserani bwino apa, chifukwa pagona phunziro lalikulu la ntchitoyi. M'chida chilichonse chamagetsi muli tizigawo totchedwa makapasita. Kapasita ili ngati thanki, imasunga magetsi kwa kanthawi n'kuwatulutsa mosalala. Makapasita akuluakulu amakhala ndi mankhwala onyowa m'kati, komanso kakhungu kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri. Chida chikakhala zaka zambiri osayatsidwa, mankhwala aja amauma, ndipo kakhungu kaja kamafooka. Palinso makapasita ang'onoang'ono akale opangidwa ndi pepala ndi phula. Pepala limamwa chinyezi, n'kuyamba kudutsitsa magetsi pamene sayenera kudutsa. Tsono iwe ukabwera n'kuthira mphamvu yonse ya pasoketi kamodzin'kamodzi, zili ngati kudzutsa gogo amene wagona pamphasa chaka chathunthu n'kumuuza kuti athamange. Kapasita imatentha n'kuphulika. Ukachita tsoka imapita limodzi ndi thiransifoma, ndipo thiransifoma ya chida cha zaka zimenezo sungakaigule m'sitolo. Ine ndinachita mwayi. Fyuzi inaduka thiransifoma isanapse.

Safunsa anadya phula. Nditadya langa, ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga. Lamulo loyamba la okonza zida zakale ndi ili: chida chimene chagona zaka sachiyatsa, amayamba achitsegula. Ndibwereze. Sachiyatsa, amayamba achitsegula. Umayang'ana ndi maso, umanunkhiza, umayeza chili chozimitsa. Umaonanso kambale ka kumbuyo, chifukwa zida zambiri za ku America zinapangidwira magetsi a mavolti 110 kapena 120, pamene athu kuno ndi owirikiza kawiri. Ambiri aotcha katundu wotumiziridwa ndi abale chifukwa cha zimenezi.

Ikafika nthawi yoyatsa, pali kachida kotchipa kamene kamapulumutsa zinthu zodula. Ndi babu wamba. Babu lakale lija, lagalasi, lokhala ndi kawaya kofiira m'kati. Umalilumikiza panjira, kuti magetsi opita ku chida chako ayambe adutsa m'babumo. Ngati chida chili bwino, babu limawala kamphindi n'kuzilala, kutsala kufiira pang'ono. Ngati m'chidamo muli shoti, babu limawala ngwee osazilala. Pamenepo babu lamwa mphamvuyo m'malo mwa chida chako, ndipo lakuuza kuti zimitsa msanga. Ndi mlonda wapachipata. Koma chenjerani. Mababu amakono osadya magetsi aja sagwira ntchito imeneyi. Pamafunika lakale lenileni, ndipo masiku ano kulipeza ndi ntchito. Ine langa ndinachita kukalimasula m'bafa ya kumudzi.

Poti tatchula babu, ndipatuke pang'ono. Mu 1939, m'galaja ina ku Palo Alto, ku California, anyamata awiri, Bill Hewlett ndi Dave Packard, anayamba kugulitsa chida choyamba cha kampani yawo. Chinali chotulutsa liwu loyera, losasinthasintha, loyesera zokuzira mawu. Vuto la zida zotere linali lakuti liwu linkakula mpaka kusasa. Hewlett anaikamo kababu kakang'ono. Kawaya ka m'babu kakatentha kamathinitsa njira ya magetsi, kakazizira kamaimasula. Ndiye liwu likafuna kukwera, kababu kamalibweza, likafuna kutsika, kamalilola kukwera. Kampani ya Walt Disney inagula zida zisanu ndi zitatu zamtunduwu pokonza filimu yotchedwa Fantasia. Zilembo za HP zimene mumaziona pa makompyuta m'maofesimu zinayambira pamenepo, pa chida choyezera chokhala ndi kababu m'mimba.

Tibwerere. Pali mawu amene sindingawadumphe, ndipo achinyamata amene mwayamba kale kuganiza zokatsegula wailesi yakanema ya agogo, tcherani khutu. Zida za mavavu zimapha. M'kati mwake mumakhala mavolti mazanamazana, ndipo pa galasi la oscilloscope amafika zikwi. Kuzimitsa sikokwanira. Kuzula pulagi sikokwanira. Thanki ija, kapasita, imatha kusunga magetsi chida chitazimitsidwa kale. Mmisiri amayamba waikhuthula kudzera pa rezisita, kachigawo kothinitsa njira ya magetsi, n'kuyeza kuti atsimikize kuti yatheratu. Akamayeza chida choyaka, dzanja limodzi amaliika m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yochoka dzanja ili kupita dzanja ilo kudutsa pamtima. Savala mphete. Saponda pansi ndi mapazi opanda nsapato. Sagwira ntchito ali yekha m'nyumba. Ngati simunaphunzire, yambani ndi zinthu za mabatire, ndipo khalani pafupi ndi mmisiri wodziwa. Moyo ulibe sipeya.

Oscilloscope yanga inanditengera miyezi. Ndinasintha makapasita onse apepala ndi aakulu aja. Pamenepa okonda zakale amakangana ngati a mipira. Ena amati sintha zonse, usadikire kuti ziphulike. Ena amati usakhudze chimene sichinafe, chifukwa dzanja lililonse lolowa m'chida limasiyamo cholakwa chake. Enanso amafika pokumba kapasita yakale, kubisamo yatsopano m'kati, n'kuitsekanso, kuti wotsegula aziona ngati palibe chasintha. Ine ndili pakati, koma ndapendekera uku: zapepala ndimachotsa mosafunsa, zinazo ndimayamba ndayeza. Zobisa zatsopano m'zikopa zakale ndimazisirira, koma ndilibe nazo nthawi. Tsiku limene kadontho kobiriwira kanaoneka pagalasi, n'kutambasuka kukhala mzere, ana anabwerera okha. Anaima pakhomo, phazi limodzi kunja.

Tsopano tibwerere ku mita ya amalume, ndi ku sikelo ya venda ija. Singano inkayenda. Mita inkaoneka yamoyo. Koma kodi inkanena zoona? Funso limeneli ndilo limasiyanitsa kukonza wailesi ndi kukonza choyezera. Wailesi ikalira bwino, khutu lako lakuuza kuti yachira. Nanga mita ikanena kuti mavolti ndi asanu ndi anayi, akuuze ndani kuti sikunama? Woyeza naye amayezedwa. Masikelo a m'misika amayenderedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, atanyamula miyala yawo yodziwika kulemera. Munthu wa pakhonde ngati ine amachita zofanana ndi zomwezo mwaumphawi. Amapeza marezisita odziwika bwino kukula kwake, n'kuona ngati mita ikuvomereza. Amaikanso mita yakale pambali pa yatsopano ya manambala.

Ndinatero. Pa mavolti, AVO ndi mita yatsopano zinagwirizana moti ndinaseka ndekha. Koma nditafika poyeza kuthina kwa njira, pa gawo limodzi zinasemphana kwambiri. Apa ndinali ngati mfumu yoweruza mlandu wa mboni ziwiri zotsutsana. Ndikhulupirire iti? Mtima unkafuna kuti yolakwa ikhale yatsopanoyo, kachipulasitiki kotchipa. Ndinakabwereka mita yachitatu kwa mnzanga wophunzitsa sayansi. Yachitatu inagwirizana ndi yatsopano. Ya amalume ndiyo inkanama.

Ndinaitsegulanso, ulendo uno kumbuyo konse. M'kati mwa AVO yakale marezisita ambiri ndi a waya wokulungidwa mwaluso pa timabobini, ngati ulusi wa telala. Pakati pa timabobini timeneto ndinaona kamodzi kakuda, kopserera. Pambali pake panali rezisita wamba wa m'wailesi, wa mikombero yamitundu, wowotchereredwa ndi dontho lalikulu la mtovu. Dontholo ndinalizindikira. Linali lonenepa, lopendekera mbali imodzi, lofanana ndi madontho amene ndinkawaona ndili mwana ndikukupiza mbaula. Linali dzanja la amalume. Ndiye kuti tsiku lina, mwina ali pa changu, anagunditsa mita pa magetsi amoyo zopotokola zili pamalo olakwika, kabobini n'kupsa. Munthu uja wa usalote, yeza. Sanauze munthu. Anatenga rezisita amene anali naye pafupi, anamatika, ntchito inapitirira. Mwina pa nthawiyo ankakwanira ndithu. Koma marezisita akale amtundu umenewo amasintha akamakalamba, kuthina kwawo kumakwera. Ndiye chigamba cha amalume chinayamba kunama iwo ali kale m'manda.

Mukanakhala inu mukanatani? Ndinakhala nthawi yaitali chowotcherera chili m'manja. Kuchotsa dontholo kunali ngati kufufuta siginecha yawo. Kulisiya kunali kusunga sikelo yonama m'nyumba. Ndinalichotsa. Ndinaikapo marezisita awiri atsopano ophatikiza, mpaka mita zitatu zija zinayankhula chimodzi. Rezisita wa amalume, ndi dontho lake la mtovu likadali pamwendo, ali m'bokosi la machesi m'kati mwa sutikesi ija, m'thumba la jekete.

Wina afunsa kuti, nanga kuvutika konseku bwanji, mita yatsopano ili yotchipa pamsika? Ndivomere. Pa ntchito zambiri yatsopano ndi yolondola kuposa AVO, ndi yopepuka, ndipo pa mawaya a m'nyumba ine ndimagwiritsa yatsopanoyo. Koma singano ili ndi zake. Magetsi akamakwera ndi kutsika, manambala amangophethiraphethira osawerengeka, pamene singano umaiona ikugwedezeka, n'kudziwa kumene zinthu zikulowera. Komanso mabuku ambiri akale okonzera mawailesi a ku Britain analemba mavolti awo atayeza ndi AVO yomweyi. Mita ya singano imamwako pang'ono magetsi amene ikuyeza, ndiye nambala imatsika pang'ono. Ukayeza wailesi yakale ndi mita yatsopano, nthawi zina umapeza nambala yokwera kuposa ya m'buku, n'kuyamba kusaka matenda amene kulibe.

Nthawi yathu yatha, omvera. Chogwirira chachikopa chija chinaduka, ndipo ndapangana ndi wosoka nsapato kuti andidulire china Loweruka. Ndipo inu amene m'nyumba mwanu mukadali babu lakale lija la kawaya m'kati, musalitaye. Likulungeni m'nyuzipepala, mulisunge pamwamba pa kabati, chifukwa langa lija linagwa dzana pamene ndinkasesa. Tsalani bwino.